Kamera ya Maso Awiri

M'nyumba zambiri za m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, kuyambira ku Chia kufikira ku Dwangwa, muli tizithunzi takale timene ana a masiku ano amangotipitirira osatiyang'ana. Kena kali pakhoma m'galasi lothetheka, kena kali pansi pa sutikesi pamodzi ndi mtchatho wa ukwati ndi ziphaso za msonkho. Kachithunzi kotere n'kakuda ndi koyera, ndipo mbali zake zinayi n'zofanana, kotero kuti munthu sanganene kuti uku ndi m'litali, uku ndi m'lifupi. Pamenepo paima bambo wovala jekete ndi chipewa, dzanja lake litagwira njinga kapena wailesi, ndipo kuseri kwake kwalembedwa ndi pensulo dzina la mzinda wakutali: Salisbury, Bulawayo kapena Johannesburg. Zambiri mwa zithunzi za maonekedwe amenewa zinatuluka m'kamera ya maso awiri, ndipo kamera imene inatchukitsa mtundu umenewu pa dziko lonse dzina lake ndi Rolleiflex. Nkhani ya lero ikulongosola m'mene kamerayi inabadwira, m'mene inakulira, m'mene inagonjera, ndiponso chimene inasiya m'masutikesi a anthu a kunyanja.

Kamerayi isanabwere, kujambula inali ntchito yolemetsa. Pamene David Livingstone anayenda pa nyanja ino ndi boti m'chaka cha 1861, nafika m'dera la Nkhotakota, anali pamodzi ndi Dr John Kirk, dokotala ndi katswiri wa zomera, amenenso ankadziwa kujambula. Zithunzi zimene Kirk anajambula pa ulendo wa ku Zambezi ndi ku Shire zili m'gulu la zithunzi zoyambirira za chigawo chino cha Africa. Koma kamera ya masiku amenewo linali bokosi lathabwa loima pa miyendo itatu, ndipo m'malo mwa filimu Kirk ankagwiritsa ntchito pepala lopaka phula ndi mankhwala, limene linkafuna kuwala kwa mphindi zingapo kuti chithunzi chigwire. Munthu sangaime njo nthawi yonseyo osaphethira. N'chifukwa chake zithunzi zambiri za Kirk n'za mitengo, nyumba ndi sitima zapamadzi, zinthu zosadziwa kugwedezeka. Za akapolo amene ankawolotsedwa pa doko la Jumbe kunka tsidya la kum'mawa, ndi za zokambirana za pansi pa mkuyu umene anthu amautcha mtengo wa Livingstone, zimadziwika makamaka ndi zolemba za apaulendo ndi zosimba za akuluakulu.

Chimene chinapeputsa ntchitoyi ndi filimu yokulunga. M'chaka cha 1901 kampani ya Kodak ya ku America inatulutsa filimu imene inapatsidwa nambala 120, yoti izilowa m'kabokosi kojambulira kotsika mtengo kotchedwa Brownie No. 2. Filimuyi ndi lamba wa masentimita pafupifupi 6 m'lifupi, womatidwa pa pepala lalitali losalowa kuwala, ndipo zonse ziwiri zimakulungidwa pa kamtengo ngati ulusi. Chifukwa cha pepalalo munthu akhoza kuika filimu m'kamera ali pamthunzi wa mtengo, osafuna chipinda chamdima. Omvera asunge nambala imeneyi, pakuti m'nkhani yonseyi makamera asintha, makampani agwa, koma filimu ya 120 ikupangidwabe kufikira lero, patapita zaka zoposa 120.

M'chaka cha 1920 amuna awiri a mumzinda wa Braunschweig ku Germany, Paul Franke ndi Reinhold Heidecke, anayambitsa kampani yawo. Onse awiri anagwirapo ntchito ku kampani yakale ya makamera ya Voigtländer. Franke ndiye ankadziwa za malonda, Heidecke ndiye anali mmisiri. Poyamba ankapanga kamera ya maso atatu yotchedwa Heidoscop: maso awiri a m'mbali ankajambula zithunzi ziwiri nthawi imodzi, zoti munthu akaziyang'ana pamodzi aziona ngati zinthu zatumphuka, ndipo diso lapakati linali loonera chabe. Kenaka Heidecke anachotsa diso limodzi lojambulira, naika diso loonera pamwamba pa lotsalalo. M'menemo ndi m'mene munatuluka Rolleiflex, imene inayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1929.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kukamvetsa. Kamerayi ndi bokosi lachitsulo loima chilili, la magalasi awiri kutsogolo, lina pamwamba pa linzake. Kuseri kwa diso lapamwamba kuli kalilole wopendekeka, amene amatembenuza kuwala kuti kukwere m'mwamba n'kukagwa pa galasi lokhakhala limene lili padenga la bokosilo. Wojambula amatsegula kachivundikiro, nayang'ana pansi, ndipo amaona chithunzi chonse chili phee pagalasipo, chachikulu molingana ndi chimene chidzagwire pa filimu. Diso lam'munsi ndilo lojambula. M'kati mwake muli timasamba tachitsulo timene timatseguka ndi kutsekeka m'kuphethira kwa diso, ndi kaphokoso kochepa ngati kuthyoka kwa kaudzu. Maso awiriwa anamangidwa pa chitsulo chimodzi, kotero kuti wojambula akapotoza kachitsulo ka m'mbali onse amasuntha pamodzi, ndipo chimene chaoneka bwino pamwamba chaonekanso bwino pa filimu. Vuto lake n'lakuti pagalasi paja kumanja kumaoneka kumanzere. Wophunzira akafuna kutsata bwato lopita kumpoto amapezeka watembenukira kummwera, ndipo pamatenga masiku kuti manja azolowere.

Pali chinthu china chimene amisiri a ku Germany mwina sanachiganizire, koma chimene munthu wa kuno angachione msanga. Wojambula ndi kamera imeneyi sabisa nkhope yake kuseri kwa makina, ndipo salozetsa chitsulo m'maso mwa munthu monga mlenje wolozetsa mfuti. Kamera imalendewera pamimba pake, iye n'kuweramitsa mutu. Pa mwambo wa kuno mwana sapenyetsetsa mkulu m'maso, ndipo mnyamata woima pamaso pa a mfumu kapena apongozi ake ataweramitsa mutu amaoneka waulemu, ngakhale kuti iye akungoyang'ana pagalasi. Kuwonjezera apo, popeza kamera ili m'munsi, wojambulidwa amaoneka wamtali ndi waulemerero. Amene anaonapo zithunzi za agogo awo ali chiimire ngati mafumu, mutu uli m'mwamba, adziwe kuti mbali ina ya ulemererowo inachokera pamalo pamene kamera inali.

Komatu Rolleiflex yoyamba ija inali ndi zofooka zake. Inkagwiritsa ntchito filimu ina, ya nambala 117, yotulutsa zithunzi 6 zokha. Wojambula ankasuntha filimu popotoza kachitsulo, kwinaku akusuzumira pa kazenera kofiira kuti aone nambala yolembedwa pa pepala lija. Akaiwala kupotoza, zithunzi ziwiri zinkagwera pamalo amodzi, mkwati n'kutuluka ali m'kati mwa ng'ombe. Akapotoza mopitirira, filimu inkatha zithunzi zisanakwane. Mbiri yonse ya kamerayi m'zaka zotsatira ndi ya kuchotsa zolakwa zoterezi m'manja mwa munthu, chimodzichimodzi, osasintha kukula kwa chithunzi.

M'chaka cha 1932 inatuluka Rolleiflex Standard, imene inalandira filimu ya 120 ndi kutulutsa zithunzi 12 pa mpukutu umodzi. M'malo mwa kachitsulo kopotoza anaikapo chopukusira cha m'mbali, chonga cha makina osokera a pamanja. Chaka chotsatira, mu 1933, kampaniyi inatulutsa mng'ono wake wotchedwa Rolleicord, wa magalasi otsikirapo ndi wopanda chopukusira, kuti anthu a ndalama zochepa nawonso agule. Ndipo mu 1937 inabwera Rolleiflex Automat, imene ambiri amaiyesa chimake cha nzeru za Heidecke. M'kati mwake filimu imadutsa pakati pa timagudumu tiwiri timene timamva kukhuthala kwa malo amene filimu inamatidwa pa pepala, ndipo pomwepo kamera imayamba yokha kuwerenga zithunzi. Kazenera kofiira kanatha ntchito. Kupukusa kamodzi kunkasuntha filimu ndi kutchera chojambulira nthawi yomweyo, kotero kuti kujambula kawiri pamalo amodzi mwangozi kunatheratu. Kamerayi inalandira mphotho yaikulu pa chionetsero cha maiko ku Paris chaka chomwecho.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inaimitsa zonse. Mzinda wa Braunschweig unaphulitsidwa ndi mabomba mu 1944, ndipo fakitale nayo inawonongeka. Itamangidwanso, amisiri anatembenukira ku magalasi. Omvera amene anagwirapo kamera yotere akumbukira manambala awiri olembedwa kutsogolo kwake, 3.5 kapena 2.8. Manambalawa amanena za kukula kwa khomo lolowera kuwala, ndipo nambala yaing'ono ndiyo ya khomo lalikulu: galasi la 2.8 limalowetsa kuwala koposa kwa la 3.5 ndi theka. Kusiyana kumeneku n'kwa phindu m'tchalitchi chamdima, kapena m'bandakucha pamene asodzi akubwera kumtunda ndi usipa dzuwa lisanatuluke. Magalasi otchuka a Planar a kampani ya Carl Zeiss ndi a Xenotar a kampani ya Schneider analowa m'makamerawa m'zaka za m'ma 1950. Pofika mu 1956 kampaniyi inali itapanga makamera okwana miliyoni imodzi.

Mu 1960, chaka chimene msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unachitikira ku Nkhotakota, ndiponso chaka chimene Heidecke anamwalira, inatuluka Rolleiflex 2.8F. Iyi inali ndi kachipangizo koyezera kuwala kolumikizidwa ndi zotchera za kamera, ndipo kachipangizoko kankapanga kokha mphamvu yake kuchokera ku kuwalako. Kamera yonse inalibe batire n'limodzi lomwe. Kwa munthu wokhala kutali ndi sitolo, m'dera lopanda magetsi, chimenechi sichinali chaching'ono.

Mtengo wa Rolleiflex unali wosafikirika kwa mphunzitsi kapena kalaliki wa m'Nyasaland. Koma chinthu chabwino sichisowa ochitsanzira. Makampani a ku Japan monga Yashica, Minolta ndi Ricoh anapanga makamera awo a maso awiri pa mtengo wotsika kwambiri. Yashica-Mat inatuluka mu 1957, ndipo mtundu wake womaliza, wa 124G, unapangidwa kuyambira 1970 mpaka 1986. Ku Shanghai kunkapangidwa Seagull, ku Leningrad kunkapangidwa Lubitel. Motero kamera ya maso awiri inafika m'manyumba ojambulira a m'mizinda yambiri ya mu Africa. Ku Bobo-Dioulasso, m'dziko limene tsopano ndi Burkina Faso, Sanlé Sory anatsegula nyumba yake yojambulira mu 1960 nagwira ntchito ndi Rolleiflex. Ku Bamako m'dziko la Mali, Malick Sidibé ankajambula nayo achinyamata obwera ndi njinga zamoto, mawotchi ndi zovala zawo zatsopano, ndipo mu 2007 anapatsidwa mphotho yapamwamba pa chionetsero cha zaluso cha ku Venice.

Zaka zimenezo ndi zomwe amuna ambiri a m'dziko muno, a ku Nkhotakota ali m'gulu lomwelo, ankapita ku Halale ndi ku Joni, ena pa okha, ena kudzera ku Wenela, kufikira pamene boma linaimitsa kulemba anthu ntchito za kumigodi ndege itagwa ku Francistown mu April 1974 ndi kupha Amalawi oposa 70. Munthu wa kumigodi sankatha kubwera kwawo chaka ndi chaka, ndipo ambiri sankadziwa kulemba kalata yaitali. Chithunzi ndicho chinali kalata. Chinkauza mkazi ndi amalume kuti mwamuna uja ali moyo, wanenepa, wagula jekete, sanakhale mtchona. Ena mwa anawo anadziwa nkhope ya bambo wawo pa kapepala kameneko asanamve mawu ake.

Apa ndi pamene kukula kwa filimu kumaonekera phindu lake. Filimu ikatsukidwa imasanduka negetivi, pamene choyera chimaoneka chakuda ndi chakuda choyera. Negetivi ya kamera ya maso awiri ndi ya mamilimita 56 mbali zonse. Wojambula ankatha kungoigoneka pa pepala la zithunzi, kuipanikiza ndi galasi, kuiwalitsa ndi nyali kwa kanthawi, n'kutsuka pepalalo m'mankhwala. Chotuluka chinali chithunzi chaching'ono koma chooneka bwino, chokwanira m'envulopu, popanda makina okulitsira. Tizithunzi tambiri ta m'masutikesi tija tinapangidwa motero. Ndipo popeza mpukutu unali wa zithunzi 12 zokha, wojambula sankathamanga. Ankakonza kolala ya munthu, kusuntha mpando, kudikira mwana aleke kulira. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo zithunzi za nthawi imeneyo zimaonetsa kudekhako.

Chimene chinagonjetsa Rolleiflex chinachokera mbali ziwiri. Ku Sweden, Victor Hasselblad anapanga kamera ya filimu yomweyo ya 120 koma ya diso limodzi, loonera ndi kujambula lomwelo, ndipo galasi lake linkatheka kulichotsa n'kuikapo lina loonera patali kapena lotambasula. Mtundu wake wa 500C unatuluka mu 1957, ndipo mu 1969 makamera a Hasselblad ndiwo anajambula anthu oyamba kuponda pa mwezi. Rolleiflex ya maso awiri magalasi ake anali okhazikika. Kampaniyi inayesa kuyankha potulutsa ina yoonera patali mu 1959 ndi ina yotambasula mu 1961, koma zimenezi zinatanthauza kugula makamera atatu pamene mnzako wagula imodzi. Mbali inayo kunali makamera a filimu yaing'ono ya mamilimita 35, monga Nikon F ya mu 1959, opepuka, achangu, otulutsa zithunzi 36 pa mpukutu. Atolankhani anasamukira kumeneko. M'kupita kwa zaka ojambula oyenda pa njinga m'midzi ndi m'masukulu anatsata njira yomweyo, makamaka pamene anthu anayamba kufuna zithunzi zamitundu.

Kampani ya ku Braunschweig inachedwa kuona kumene mphepo ikulowera. Inatulutsa kamera yake ya diso limodzi, SL66, mu 1966, msika utagwidwa kale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 inatsegula fakitale yaikulu ku Singapore kuti ipikisane ndi mitengo ya ku Japan, koma malonda sanakwane kulipira zimene inawononga, ndipo mu 1981 inagwa ndi ngongole. Ena anaidzutsa, natulutsanso kamera ya maso awiri ya 2.8GX mu 1987, tsopano ngati chinthu cha okonda zakale ndi a ndalama zambiri. Kampani yomaliza yopanga makamerawa mumzindawo inagwa mu 2014, ndipo makina a m'fakitale anagulitsidwa mu 2015.

Koma negetivi zimene makamerawa anasiya sizinagwe nawo. Negetivi imodzi ya mamilimita 56 ndi yaikulu kuposa ya filimu yaing'ono katatu ndi theka, ndipo imasunga zinthu zimene diso silingazione pa kachithunzi ka m'envulopu. Ikaikidwa pa makina a masiku ano okopera zithunzi mu kompyuta, n'kuikulitsa, pamaoneka maluwa a pa chitenje, maso a ukonde wopachikidwa kumbuyo, dzina lolembedwa pa bwato, ngakhale nkhope ya mwana amene ankasuzumira pakhomo. Ku Chicago, mu 2007, mabokosi a mayi wina wolera ana, Vivian Maier, anagulitsidwa chifukwa cholephera kulipira malo osungirako katundu. M'menemo munapezeka negetivi zoposa 100,000, zambiri zojambulidwa ndi Rolleiflex, zimene mwini wake sanazionetsepo kwa anthu. Iye anamwalira mu 2009 asanadziwe kuti dzina lake lidzamveka maiko onse. Negetivi zakezo zinapulumuka chifukwa zinagona pouma.

Kunyanja kulibe mwayi wotero. Kutentha kwa mwezi wa October ndi chinyezi cha dzinja ndi adani a filimu. Mbali ya negetivi imene imasunga chithunzi inapangidwa ndi zinthu zochokera ku mafupa ndi zikopa za nyama, ndipo chuku chimaidya monga chimadyera nsima yogona. Negetivi zosanjikizana zimamatirirana. Zina zikayamba kuwola zimanunkha ngati viniga, zimakwinyika, ndipo zimawononga zinzake zoyandikana nazo. Mphemvu ndi chiswe zimatsiriza zotsala. Chithunzi cha pakhoma chikagunda galasi chimamatirira pamenepo, ndipo wofuna kuchimatula amang'amba nkhope. Kamera nayonso, ngati ilipo, chuku chimamera m'kati mwa magalasi ake ngati ulusi wa kangaude, makamaka ikasungidwa m'chikwama chake chachikopa, chimene chimakoka chinyezi. Zinthu zambiri zotere zimatayika pa nthawi ya maliro, pamene achibale akugawana katundu: jekete ndi wailesi zimapeza mwini, koma envulopu ya timapepala takuda tooneka ngati topanda kanthu imapita kudzala kapena pamoto.

Wopeza envulopu yotere aigwire ndi manja ouma, ndipo negetivi azigwira m'mbali mokha, pakuti chala chimasiya mafuta amene sachoka. Asazitsuke ndi madzi kapena kuzipukuta ndi nsalu. Iliyonse aikulunge payokha m'pepala loyera losalembapo, osati m'jumbo, chifukwa pulasitiki imatsekera chinyezi m'kati. Zonunkha azipatule. Bokosi lake likhale pamwamba, kutali ndi khoma lonyowa, kutali ndi malata otentha ndi utsi wa kukhitchini, ndipo m'miyezi ya mwera, pamene mphepo yauma, alitsegule pamthunzi kuti lipitidwe mphepo. Chithunzi chomatirira pagalasi achisiye momwemo. Amene ali ndi lamya ya m'manja yojambula akhoza kujambula chithunzi chilichonse pamthunzi wowala bwino, kutsogolo ndi kuseri komwe, n'kutumizira abale a m'midzi ina, kuti nyumba imodzi ikapsa nkhopeyo isathere pomwepo.

Chofulumira kuposa zonsezi ndi maina. Negetivi yosungidwa bwino ikhoza kupirira zaka zambiri, koma agogo odziwa kuti woima kumanzereyo ndi yani, anapita ku Joni chaka chiti, anakwera Ilala pa doko liti, sadzadikira nthawi yonseyo. Mdzukulu akhale nawo pamphasa ndi pensulo, osati bolopeni imene inki yake imalowerera, nalembe kuseri kwa chithunzi dzina, mudzi, mfumu ndi chaka. Zithunzi zoonetsa zochitika za anthu onse, monga kulonga ufumu, kutsegula sukulu, msonkhano kapena kukoka khoka, zili ndi malo amene zingakafunsidwire nzeru: nyumba yosungira zakale za boma ya National Archives ku Zomba, ndi laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre, imene imasunga zithunzi zakale za dziko lino.